Xiao Yao Wan ndi mavuto a msambo usanayambe: amathandiza ndani, ndani asamale

Funso: Ndine mayi wa zaka 33, wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Mwezi uliwonse kukatsala sabata kuti ndisambe, mawere amauma n'kumawawa, mimba imafufuma, mutu umapweteka, ndipo mtima umakhala wapachala moti ana amachita kundizemba. Ndikangoyamba kusamba zonse zimatha. Mnzanga anandigulira kabotolo ka timibulu takuda m'sitolo ya Matchaina, kolembedwa Xiao Yao Wan. Kodi amathandizadi, nanga ndizimwa bwanji? Ndimamwa mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide m'mawa uliwonse, ndipo pakadali pano sindikulera.

Yankho: Mayi, kabotoloko musakataye, koma musakatsegule kaye. Mankhwala ali m'menemo ndi akale, odziwika bwino, ndipo ku China ndi amene asing'anga ambiri amayambira mayi akabwera ndi madandaulo ngati anuwa. Chotichititsa kunena kuti mudikire ndi mawu awiri amene mwawaponya kumapeto kwa funso lanu: a BP, ndi akuti simukulera. Tifikako. Tiyambe ndi vutolo.

Zimene mwafotokozazi madokotala amazitcha PMS, kutanthauza mavuto obwera msambo usanayambe. Dzira likatuluka, pafupifupi masiku 14 msambo usanayambe, thupi limapanga homoni ya progesterone yambiri, ndipo kukatsala masiku ochepa homoniyo imatsika. Amayi ovutika ndi PMS akayezedwa magazi, mahomoni awo amapezeka ofanana ndi a anzawo. Kusiyana kuli mu ubongo, umene mwa iwo umakhudzidwa kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kumeneku. Ndiye palibe kuyeza kwa ku labu kumene kumatsimikiza PMS. Chotsimikiza ndi kope ndi cholembera. Kwa miyezi iwiri, madzulo alionse, lembani zizindikiro zanu zinayi zija, mawere, mimba, mutu ndi mtima, n'kupatsa chilichonse nambala kuyambira 0 ngati palibe mpaka 3 ngati chakulepheretsani ntchito. Chongani masiku amene mwasamba. Ngati ndi PMS, manambala amakwera m'masiku omaliza, amagwa pasanathe masiku anayi msambo utayamba, ndipo pamakhala sabata yathunthu yomwe muli bwinobwino. Sabata imeneyo ikasowa, ganizirani zina: kuchepa magazi, vuto la chithokomiro, matenda a maganizo amene amangokula msambo ukayandikira, kapena BP yomwe sikutsika mokwanira, imene nayonso ingabweretse mutu. Kope lomwelo ndi limene lidzakuuzeni ngati mankhwala akugwira ntchito, chifukwa kukumbukira kokha kumanamiza.

Asing'anga a ku China amaliona vutoli mwa njira yawo. Iwo amati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndipo chiwalo choiyendetsa bwino amachitcha gan, mawu omwe amamasuliridwa kuti chiwindi. Qi ikatsekeka, amati munthu amakwiya msanga, amausa moyo pafupipafupi, nthiti ndi mawere zimamangika, ndipo chiwindicho chimapondereza ziwalo zogaya chakudya mpaka mimba kufufuma. Apa tisamale. Chiwindi chimenechi ndi dzina la gulu la zizindikiro, si chiwindi cha nyama chimene a kuchipatala amachiyeza. Sing'anga wa Chitchaina akakuuzani kuti chiwindi chanu chatsekeka sakunena kuti muli ndi matenda a chiwindi. Phindu la kaganizidwe kameneka n'lakuti kamagawa amayi m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi msakanizo wake. Mankhwala a mnzanu si anu chifukwa chongoti nonse mumavutika musanasambe.

Xiao Yao San, amene akaumbidwa timibulu amatchedwa Xiao Yao Wan, analembedwa m'buku la boma la mankhwala la nthawi ya mafumu a Song ku China, zaka pafupifupi 900 zapitazo. Dzinalo limanena za kuyenda momasuka, wopanda chokumanga. Muli zinthu 8. Wotsogolera ndi muzu wa chai hu, pa Chilatini Bupleurum, amene amati amamasula qi. Kenako dang gui, amene ndi Angelica sinensis, ndi bai shao, muzu wa duwa la Paeonia lactiflora. Awiriwa amati amadyetsa magazi ndi kufewetsa kukokana kwa m'mimba. Bai zhu ndi fu ling ndi a mimba ndi madzi odzaza m'thupi, ndipo fu ling si muzu koma mtundu wa bowa womera pansi pa nthaka pa mizu ya mitengo ya paini. Palinso gan cao, muzu wotsekemera umene Angerezi amautcha liquorice, ndi jinja pang'ono ndi masamba a minti otchedwa bo he. Akamapereka zowiritsa, mlingo wa tsiku limodzi umakhala pafupifupi magalamu 9 a chilichonse mwa zisanu zoyambazo, magalamu 4 mpaka 6 a gan cao, ndi jinja ndi minti zochepa. Mayi amene msakanizowu unapangidwira ndi wa mawere omangika, mimba yofufuma, mtima wosakhazikika, kutopa, ndi chilakolako cha chakudya chosinthasintha. Mwa zimene mwalemba, simuli kutali ndi gulu limeneli.

Pali mng'ono wake, Jia Wei Xiao Yao San, amene ena amamutcha Dan Zhi Xiao Yao San. Anabwera m'zaka za m'ma 1500, pamene anawonjezera khungwa la muzu wa mu dan pi ndi chipatso cha zhi zi, chimene ndi Gardenia. Ameneyu ndi wa mayi amene kuwonjezera pa mkwiyo amamva kutentha kumaso, kuuma kukamwa, kusowa tulo, ziphuphu, ndipo msambo umabwera msanga. Ku Japan amamutcha kamishoyosan ndipo madokotala a m'zipatala amamulemba, kawirikawiri magalamu 7.5 a ufa patsiku ogawa kawiri kapena katatu. Zhi zi amafewetsa m'mimba, choncho mayi wotsegula m'mimba kawirikawiri kapena womva kuzizira akamwa ameneyu amangowonjezera vuto. Mabotolo awiriwa amafanana kwambiri pa shelefu. Werengani dzina lonse.

Enawo tingowatchula mwachidule. Ngati chachikulu ndi mawere ndi nthiti kuwawa, popanda kufooka, amapereka Chai Hu Shu Gan San, momwe muli xiang fu ndi makoko a malalanje. Ngati chachikulu ndi kutupa mapazi ndi nkhope, chizungulire ndi kuzizidwa manja, amapereka Dang Gui Shao Yao San, wochokera kwa Zhang Zhongjing, sing'anga wa ku China wa cha m'ma 200. Muli zinthu 6 ndipo mulibe gan cao, mfundo yoti muisunge. Ngati pali cham'mimba chobaya pamalo amodzi ndi magazi akuda a zibuluma, amapereka Gui Zhi Fu Ling Wan, amene ali m'gulu la mankhwala oyendetsa magazi ndipo ndi oletsedwa kwa mayi woyembekezera.

Kodi amathandizadi? Tiyankhe mosapita m'mbali. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika nkhani imeneyi mu 2009. Linapeza kafukufuku awiri okha oyenera kuwerengedwa, wa amayi 549 onse pamodzi, ndipo linati umboni sukukwana kunena kuti mankhwala azitsamba a ku China amachiza PMS. Kafukufuku wambiri wotuluka ku China amaonetsa zotsatira zabwino, koma nthawi zambiri amakhala wa anthu ochepa, kapena mayi ndi dokotala onse amadziwa chimene chikumwedwa, zomwe zimapotoza zotsatira. Pa PMS zimenezi n'zazikulu, chifukwa amayi ambiri amapeza bwino ngakhale atapatsidwa mbulu wopanda mankhwala. Pa kafukufuku wa calcium wa ku America wa mu 1998, omwe anamwa mibulu yopanda kanthu zizindikiro zawo zinatsika ndi 30 peresenti. Maganizo athu ndi awa: kwa mayi wathanzi, wa zizindikiro zapakatikati, kuyesa Xiao Yao Wan kwa miyezi itatu ali ndi kope m'manja si kulakwa. Koma si mankhwala otsimikizika, ndipo wogulitsa wolonjeza kuti athetseratu vutoli akungofuna ndalama zanu.

Kamwedwe kamadalira mtundu wa timibulu. Tomwe timapezeka kwambiri ndi tating'ono, takuda, tonyezimira, ndipo mlingo wake ndi timibulu 8 katatu patsiku ndi madzi ofunda. 8 amenewo amafanana ndi magalamu atatu a zitsamba zouma. Mtundu wina, wa timibulu tating'onoting'ono ngati mapira, umayezedwa ndi kasupuni kapena umabwera m'timapaketi, magalamu 6 mpaka 9 kamodzi kapena kawiri patsiku. Tsatani zolembedwa pa botolo lanu, osati za botolo la mnzanu. Asing'anga ambiri amayambitsa masiku 10 mpaka 14 msambo usanayambe n'kusiyitsa magazi akangooneka. Ngati mimba ikunyansidwa, imwani mutadya. Mapepala a mankhwalawa amaletsa kumwa pamene muli ndi chimfine kapena thupi latentha, komanso kwa mayi amene amataya magazi ambiri posamba. Miyezi itatu ikatha manambala a m'kope osasintha, siyani. Kuchulukitsa mlingo sikusintha kanthu kupatula kuonjezera ngozi.

Mukapatsidwa zowiritsa, kaphikidwe kake n'kofunika. Gwiritsani ntchito mphika wadothi, wagalasi kapena wa stainless steel, osati wachitsulo chochita dzimbiri kapena wa aluminiyamu, chifukwa zitsulozi zimasakanikirana ndi zinthu za m'mizu. Thirani madzi ozizira mpaka apitirire zitsamba ndi masentimita awiri kapena atatu, ziviikeni mphindi 30, wiritsani, ndipo zikabwata chepetsani moto kuti ziphike pang'onopang'ono mphindi 20 mpaka 30 zili zovundikira. Minti amaikidwa kukatsala mphindi zisanu, apo ayi fungo lake, lomwe ndi mankhwala ake, limathawa ndi nthunzi. Sefani, thiraninso madzi ocheperapo, phikaninso mphindi 15 mpaka 20, ndipo sakanizani madzi a ulendo woyamba ndi wachiwiri. Muyenera kukhala ndi mamililita 300 mpaka 400, omwa theka m'mawa theka madzulo. Zikapserera tayani. Zotsala zisagone kunja kwa firiji.

Tsopano za BP, zomwe kwa inu ndi mutu wa nkhani. Mu gan cao muli chinthu chotchedwa glycyrrhizin. Chimenechi chimatseka enzaimu ya mu impso imene ntchito yake ndi kufooketsa homoni ya cortisol. Enzaimuyo ikatsekedwa, impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi n'kumataya potaziyamu. Zotsatira zake ndi BP kukwera, mapazi kutupa, mutu, kufooka kwa miyendo, kukokana kwa minofu, ndipo zikafika poipa mtima umagunda mosokonekera. Hydrochlorothiazide amene mukumwayo nayenso amataya potaziyamu kudzera mumkodzo. Awiriwa akakumana amakokera mbali imodzi pa potaziyamu, pamene pa BP gan cao amagwetsa ntchito ya mankhwala anu. Chopusitsa n'chakuti kutupa, mutu ndi kutopa ndi zizindikiro zomwezo za PMS, ndiye mayi amaganiza kuti vuto lakula n'kuwonjezera timibulu.

Kuchuluka kwake kuli ndi kanthu. Mu mlingo wa tsiku wa timibulu takuda tija muli gan cao pafupifupi galamu imodzi, pomwe mu zowiritsa muli kanayi kapena kuposa. Ku Japan, msakanizo wokhala ndi magalamu 2.5 kapena kuposerapo patsiku ndi woletsedwa kwa munthu amene potaziyamu wake ndi wotsika kale, ndipo wochepera apo amaperekedwa ndi chenjezo, makamaka kwa omwa mankhwala okodzetsa monga hydrochlorothiazide. Choncho timibulu si chinthu choti mukangomeza mwagwa, koma simungatiyambe mwachimbulimbuli. Pitani nako kabotoloko kwa dokotala kapena wa ku famase amene amakupatsani mankhwala a BP. Pemphani kuti ayeze potaziyamu musanayambe, ndiponso pakatha milungu iwiri kapena inayi. Yezani BP kawiri pa sabata n'kumalemba m'kope lija. Ngati BP yanu ili kale pa 140/90 kapena kupitirira, musayambe n'komwe. Zowiritsa zokhala ndi gan cao zipeweni. Sing'anga wodziwa ntchito angathe kumuchotsa mu msakanizo kapena kusankha wina wopanda iye, ndipo ameneyu ndi mwayi umene zowiritsa zili nawo kuposa timibulu. Chenjezo lomweli likukhudza omwa furosemide, digoxin kapena prednisolone.

Za kusalera. Masiku amene mankhwalawa amamwedwa, dzira litatuluka, ndi masiku omwewo amene mimba imakhala italowa mwini wake asakudziwa. Ndiponso mimba yongoyamba imabweretsa mawere owawa, kufufuma ndi kutopa, ngati PMS yomwe. Zitsamba monga mu dan pi, tao ren, hong hua ndi yi mu cao, asing'anga a ku China eni ake amaziletsa kapena kuzichenjeza kwa woyembekezera, ndipo dang gui amaperekedwa pa mimba ndi katswiri yekha. Ngati mukufuna mwana wina, zisiyeni zonsezi. Ngati simukufuna, gwiritsani ntchito makondomu kapena njira ina yodalirika m'miyezi yoyesayo, ndipo msambo ukachedwa ngakhale masiku awiri, imani n'kuyezetsa.

Pali ena owerenga amene nkhani yawo ndi yosiyana ndi yanu. Dang gui amawonjezera mphamvu ya warfarin, ndipo munthu angathe kutaya magazi. Womwa mankhwala osungunula magazi asayandikire. Chai hu wakhala akutchulidwa pa milandu ya kutupa kwa chiwindi, chenichenicho tsopano, kotero amene ali pa mankhwala a TB, amene ali ndi hepatitis B, kapena womwa mowa kwambiri asamuonjezere. Zhi zi akamwedwa zaka zambiri, kawirikawiri zisanu kapena kuposa, angaumitse mitsempha ya magazi ya m'matumbo aakulu, vuto limene ku Japan analiika pa mapepala a chenjezo. Ndipo omwa ma ARV kapena ogwiritsa ntchito njira yolera ya pamkono kapena mapilitsi ayang'anitsitse dzina lakuti Hypericum perforatum. Chitsamba chimenechi mu Xiao Yao Wan mulibe, koma chili m'makapisozi otchedwa Shugan Jieyu, amene amagulitsidwa kwa anthu okhumudwa ndi okwiyakwiya. Chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, moti ARV wotchedwa dolutegravir ndi mahomoni olerera zimachepa mphamvu m'magazi. Mayi angatenge mimba ali ndi njira pamkono.

Ngozi ina ili m'botolo momwemo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels, amayi oposa 100 omwe ankamwa mankhwala ochepetsa thupi anawonongeka impso, ambiri mpaka kudalira makina osefa magazi, ndipo ena anadzapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Chinachitika n'chakuti muzu wa Stephania tetrandra unasinthanitsidwa ndi wa Aristolochia fangchi, poti mayina awo a Chitchaina onse ali ndi mawu akuti fang ji. China inaletsa chitsamba china cha mtundu womwewo, guan mu tong, mu 2003. Kuwonjezera apo, m'mankhwala ena osalembetsedwa mwapezekapo mtovu, mercury, ndi mankhwala a kuchipatala obisidwa monga diclofenac ndi ma steroid. Ndiye yang'anani botolo lanu. Likhale lomata, ndi dzina la fakitale, nambala ya batchi, tsiku lothera mphamvu, ndi mndandanda wa zitsamba m'zilembo zomwe mungawerenge. Mankhwala azitsamba ovomerezedwa ku China amakhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo Z chotsatiridwa ndi manambala 8. Ufa wa m'kapepala kopanda dzina, kaya wachokera kwa ndani, musamwe. Ku South Africa asing'anga a mankhwala a Chitchaina amalembetsedwa ndi Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo muli ndi ufulu wofunsa nambala yawo. Sing'anga weniweni amafunsa za msambo, tulo, chimbudzi ndi mankhwala ena amene mukumwa, amaona lilime, amagwira mtsempha wa pamkono, asanatchule mtengo.

M'miyezi iwiri yolemba kopeyo simukhala manja lende. Chepetsani mchere sabata yomaliza, kuphatikizapo timakyubu ta supu ndi nyama za m'zitini. Izi zithandiza kufufuma ndi BP yomwe. Chepetsani khofi, tiyi wamphamvu ndi mowa. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku ambiri a sabata. Bra yogwira bwino imachepetsa ululu wa mawere kuposa momwe ambiri amaganizira. Pa mutu sankhani panado, chifukwa brufen ndi anzake amakweza BP ndipo sagwirizana ndi mankhwala okodzetsa. Pa kafukufuku wa mu 1998 uja, omwe anamwa calcium wa mamiligalamu 1,200 patsiku zizindikiro zinatsika ndi 48 peresenti pofika mwezi wachitatu. Inu mibulu ya calcium muyambe mwafunsa, popeza hydrochlorothiazide amasunga calcium m'magazi. Mkaka, chambiko, ndi usipa kapena matemba odyera kumodzi ndi minga ndi njira yofatsa. Omwa dolutegravir amwe mbulu wa calcium pamodzi ndi chakudya, kapena patatha maola awiri atamwa ARV.

Kope likaonetsa ma 3 ambiri pa mtima, mpaka kusokoneza banja kapena ntchito, n'kutheka kuti ndi mtundu woopsa wa PMS wotchedwa PMDD, umene umagwira amayi ochepa pa 100 alionse. Apa mankhwala okhala ndi umboni wamphamvu ndi a matenda a maganizo a m'gulu la fluoxetine ndi sertraline. Pa vuto limeneli amagwira m'masiku ochepa, ndipo angathe kumwedwa masiku 14 omaliza okha. Mapilitsi olera okhala ndi estrogen amathandizanso ena, koma kwa mayi wa BP ngati inu dokotala sangathamangire kumeneko. Maganizo ofuna kudzipweteka akabwera, ngakhale atakhala a masiku awiri pamwezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Dokotala akavomera ndipo mwayamba timibulu, siyani nthawi yomweyo mukaona chimodzi mwa izi: maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kuyabwa thupi lonse, miyendo kulemera kapena kukokana, mtima kudumphadumpha, mapazi kutupa kuposa kale, BP kukwera ndi 10 kapena kuposa pa miyezo iwiri yotsatizana, chifuwa chouma ndi phuma, kapena msambo wodzaza padi pa ola lililonse. Popita kuchipatala nyamulani botololo, chifukwa dokotala adzafuna kuwerenga zomwe zalembedwapo.